Maziro aja amachokera kuti? Kusintha miyeso ya utali kuyambira nanomita mpaka mtunda wa ku nyenyezi

Aliyense amene wagwirako ganyu ya zomangamanga kuno ku Joni akudziwa kuti pa saiti sentimita siitchulidwa. Foromani akati chitseko ndi 813 by 2032, kapena bolodi ya makabati ndi 2750 by 1830, samalizitsa n'komwe kuti ndi ma chani, iweyo udziwe wekha kuti ndi mamilimita. Ife amene tinakulira pa rula ya 30 cm ija ya ku pulayimale zimatitengera kanthawi kuti mutu uzolowere, koma timazolowera. Vuto limabwera madzulo, mwana wabwera ndi homuweki ya Grade 9 akuti adadi 5 km ndi ma micrometre angati, apo nde basi, munthu amene wadula matabwa tsiku lonse osaphonya ngakhale milimita imodzi wayamba kukanda m'mutu n'kumati kafunse amayi ako.

Abale anga, nkhaniyi chimaopsa ndi maziro chabe. Miyeso yonseyi ndi mita yomweyomweyo, amangoiika kadzina kutsogolo kosonyeza kuti yachulukitsidwa kapena yagawidwa kangati. Ndipo mayina ake ambiri mumawadziwa kale chifukwa cha bandulo. Mesa mumadziwa kuti mega ndi yaikulu kuposa kilo, giga kuposa mega, tera kuposa giga? Mayina omwewo ndi amene amagwira pa mita. Kilomita ndi mamita 1,000, megamita ndi makilomita 1,000, kenako gigamita, teramita, petamita, uliwonse ndi 1,000 wa mnzake wam'munsi. Kutsika nakonso chimodzimodzi, mita ukaigawa ka 1,000 wapeza milimita, milimita ukaigawa ka 1,000 wapeza maikulomita imene anthu a ntchito amangoti micron, ukagawanso ndi nanomita, kenako pikomita, kenako femtomita. Sitepe imodzi, maziro atatu. Chofunika kuloweza ndi mndandanda wa mayinawo basi, zinazo n'kuwerenga masitepe pa zala.

Tiyeni tiyankhe funso la mwana lija. Kuchoka pa kilomita kufika pa mita ndi sitepe imodzi, pa milimita ziwiri, pa micron zitatu. Masitepe atatu, maziro 9. Ndiye 5 km ndi ma micron 5,000,000,000, mabiliyoni asanu. Akanafunsa nanomita tikanawonjezera maziro ena atatu kukhala 12.

Pamene ambiri amagwa si pa kuwerenga maziro ayi, ndi pa kusadziwa kuti apite nawo mbali iti. Ukamapita ku muyeso waung'ono nambala imakula, chifukwa tizidutswa tating'ono timafunika tambiri kuti tidzaze malo omwewo. Ukamapita ku waukulu nambala imachepa. Tengani Ponte, chinyumba chozungulira chija chimaoneka ukamalowa m'tauni, n'chotalika 173 m. Mu mamilimita nambala ikule, 173,000 mm. Mu makilomita ichepe, poyinti ibwerere kumanzere malo atatu, 0.173 km. Ukasokoneza mbali n'kulemba 173,000 km ndiye kuti wanena kuti Ponte yafika pafupifupi theka la ulendo wa ku mwezi, ndipo ine ndimati musanakhulupirire yankho lililonse, kaya la kalikuleta kaya la m'mutu, muziliyang'ana kaye n'kudzifunsa ngati chinthucho chingakhaledi chotalika chonchi. Kachizolowezi kameneka kamagwira zolakwika zambiri kuposa fomula iliyonse.

Wosokoneza m'banjamu ndi sentimita. Iyeyu satsata za maziro atatu zija. Mita imodzi ndi 100 cm, maziro awiri, ndipo sentimita imodzi ndi 10 mm, ziro mmodzi. Ali ndi abale ake desimita, dekamita ndi hekitomita amene amapezeka m'mabuku okha, sindinamvepo munthu akugula dekamita ya waya, ngakhale hekitala ya munda ija ndi malo a hekitomita imodzi, 100 m, mbali zonse zinayi. Ndiye mukapatsidwa sentimita musayambe nayo kudumpha masitepe, ichotseni kaye ikhale milimita kapena mita. 45 cm ndi 450 mm, mukafika apo mwalowa mumsewu waukulu, ma micron ndi 450,000. Amisiri anaitaya sentimita pa chifukwa chomveka, ndi milimita sufunika poyinti, 813 ndi 813, pamene 81.3 kadontho kaja kakafufutika ndi fumbi la simenti pa pepala ndiye kuti zavuta. Kodi munadabwapo kuti n'chifukwa chani chitseko chili ndi manambala osamveka chonchi m'malo mongoti 800 by 2000? Ndi mainchi akale anangovekedwa malaya atsopano. Inchi imodzi ndi 25.4 mm ndendende, 32 kuchulukitsa ndi 25.4 ikupereka 812.8, ndipo 80 kuchulukitsa ndi 25.4 ikupereka 2032. Chitseko cha 32 by 80 inchi.

Tsopano pali chinthu china chimene chimatipweteka ife a ku Malawi makamaka, ndipo palibe amene amatichenjeza tikamatsika basi. Kwathu timalemba 2.5 kutanthauza ziwiri ndi theka, ndipo comma timaiika polekanitsa masauzande, 2,500. Kuno ku South Africa m'mabuku a sukulu ndi m'zikalata zambiri za boma comma ndi imene imagwira ntchito ya poyinti, amalemba 2,5 ndipo masauzande amangosiya kampata, 2 500. Mwana wanu akalemba 0,25 mm sanalakwitse, musamukalipire, aphunzitsi ake akufuna choncho. Koma taonani msampha wake. Wina walemba pa WhatsApp kuti bolodi ndi 2,750 m. Wa kuno akuwerenga mamita awiri ndi 750 mm, zomwe ndi zoona. Wa ku Ndirande amene wangofika kumene akuwerenga mamita zikwi ziwiri ndi mazana asanu ndi awiri ndi makumi asanu, bolodi ya pafupifupi 3 km. Pa bolodi munthu amaseka n'kuzindikira msanga, koma bwanji akakhala waya wa fensi ya pa pulazi kapena paipi ya madzi, pamene 1,200 m ikhoza kukhala mita imodzi ndi kachidutswa komanso ikhoza kukhaladi kilomita ndi kachidutswa? Chimapangitsa kuti msamphawu ukhale woipa n'choti manambala atatu a pambuyo pa comma akufanana ndendende ndi sitepe imodzi ija, ndiye cholakwikacho chimaoneka chaukhondo, manambala onse ali m'malo mwake, kungoti chakula kapena chachepa ka 1,000. Njira yake ndi kulemba muyeso nthawi zonse, mm kapena m, ndipo pa oda ya ku hadiweya lembani 2750 mm popanda comma kapena poyinti. Muno ndikulemba mwa kwathu, poyinti ndi ya zidutswa, comma ndi ya masauzande.

Tilowe kwa tating'ono, kumene tepi siifika. Micron sikuti ndi ya asayansi okha. Pulasitiki imene timayala pansi tisanathire konkire ya silabu amaigulitsa ngati 250 micron, ndiye kuti 0.25 mm, mukaipinda kukhala zinayi mwapeza milimita imodzi. Lamulo la kwathu la 2015 loletsa majumbo opyapyala, lija linakhala likukokedwa m'makhoti zaka ndi zaka, linaika malire pa 60 micron, 0.06 mm. Kuno lamulo la 2003 limene linayambitsa zogula jumbo pa tilo malire ake ndi 24 micron. Ndiye jumbo imene ili yololedwa kuno ikhoza kukhala yoletsedwa ku Limbe, nkhani yonse ili pa ma micron 36 amene diso silingawasiyanitse.

Pali kanjira koyezera chinthu chopyapyala ndi rula wamba. Tengani rimu ya mapepala a A4 osatsegula, muli mapepala 500, kukhuthala kwake ndi pafupifupi 5 cm. Chotsani sentimita kaye, 50 mm. Gawani ndi 500, mupeza 0.1 mm, sunthani poyinti malo atatu kumanja, 100 micron. Mwayeza pepala limodzi popanda makina. Tsitsi limodzi la munthu limakhala chapompo kapena kucheperako, ndipo diso lathu likatsika kwambiri pansi pa apa limagonja. Selo lofiira la magazi, lija kachilombo ka malungo kamalowamo, ndi ma micron 7 kapena 8, ndiye oposa 100 akhoza kufola mzere mu milimita imodzi. Kachilombo ka TB ndi ma micron awiri mpaka anayi m'litali. Nanga PM2.5 imene imaoneka pa foni mukatsegula za nyengo, makamaka mu June ndi July pamene utsi wa mbaula ndi malasha umangoti bii pamwamba pa malokeshoni m'mawa? Nambalayo ndi ma micron, tifumbi ta 2.5 micron kapena kucheperapo, tating'ono moti mphuno siitisefa, timakafika mkati mwenimweni mwa mapapo. Chizindikiro cha micron ndi µm, kachilembo ka Chigiriki kokhala ngati u wa mchira, ndipo poti pa foni kamavuta kukapeza ambiri amangolemba um. Chachikulu musalembe mm m'malo mwake.

Sitepe ina pansi ndi nanomita, mwachidule nm, gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita. Mu milimita imodzi muli ma nanomita miliyoni. Kachilombo ka HIV ndi pafupifupi 100 nm kapena kupitirirako pang'ono, ka Covid nakonso chapompo, kutanthauza kuti tikafola mzere tikhoza kukwana pafupifupi 10,000 pakati pa timizere tiwiri toyandikana ta pa tepi yanu. N'chifukwa chake maikulosikopu ya ku labu ya chipatala imaona malungo ndi TB koma HIV siingaione, amachita kuyeza mwa njira zina. Kuwala kumene maso athu amaona kumayenda ngati mafunde a pakati pa 400 ndi 700 nm, ndipo chinthu chochepa kwambiri kuposa fundelo kuwala sikungachijambule bwino. Ulusi wa DNA ndi 2 nm m'lifupi, atomu ndi cha m'ma 0.1 nm, kumene ndi 100 pikomita. Apa ndinenepo za mafoni, poti anyamata a ku Small Street amakonda kutinyengerera kuti iyi bwana ndi ya chip ya 4 nm, iyi ya 3 nm. Masiku ano manambala amenewo ndi mayina a mibadwo ya ma chip, sakutanthauza kuti muli kachinthu kena kake koyeza 3 nm ndendende. Yotsika nambala imakhaladi yatsopano, koma musaitenge ngati muyeso.

Maziro akachuluka chonchi kuwalemba onse n'kudziputira mavuto, mmodzi amasowa ndithu. Ndiye kumabwera kalembedwe kaja ana amaphunzira, 10 ndi kanambala pamwamba kosonyeza kuchuluka kwa maziro. Kilo ndi 10^3, mega 10^6, giga 10^9, ndipo kumunsi kanambalako kamakhala ndi mainasi, mili 10^-3, maikulo 10^-6, nano 10^-9. Senti uja ndi 10^-2. Kukoma kwake n'koti kusintha konse kumasanduka samu yochotsera, kanambala ka kumene ukuchoka kuchotsera ka kumene ukupita. Kilomita kupita ku micron, 3 kuchotsera mainasi 6, yankho 9, maziro 9 omwe aja tinawerenga pa zala. Tiyese yobwerera m'mbuyo, kuwala kwa buluu kwa 450 nm mu mamilimita. Mainasi 9 kuchotsera mainasi 3, yankho mainasi 6, ndiye poyinti isunthe malo 6 kumanzere, 0.00045 mm. Mainasi ikangotuluka dziwani kuti nambala ichepa. Kalikuleta ya pa foni ikakupatsani zinthu ngati 4.5E-4 sikuti yawonongeka, E ameneyo akuimira 10 ndi kanambala kake, 4.5E-4 ndi 0.00045 yomweyo.

Kwa anzanga oika matailosi, pa masikweya sitepe imawirikiza. Sikweya mita imodzi si ma sikweya milimita 1,000, ndi 1,000 kuchulukitsa ndi 1,000, miliyoni. Chipinda cha 3600 by 4200 mukachulukitsa momwemo mupeza 15,120,000, ndipo muyenera kugawa ndi miliyoni kuti mupeze masikweya 15.12. Chosavuta n'kusintha kaye mbali iliyonse, 3.6 kuchulukitsa ndi 4.2. Tailosi ya 600 by 600 ndi 0.6 kuchulukitsa ndi 0.6, masikweya 0.36, ndiye pakufunika matailosi 42 musanawonjezere odula ndi osweka.

Tikwere tsopano. Pamsewu kilomita imatikwanira, ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza umaposa 1,500 km ndipo palibe dalaivala amene angati megamita imodzi ndi theka ngakhale zili zolondola. Mgodi wa golide wa Mponeng kufupi ndi Carletonville umatsika pafupifupi 4 km, mamilimita 4 miliyoni, kuya kumeneko kukuposa kutalika kwa Sapitwa ku Mulanje imene ili 3,002 m, ndipo ukaganiza kuti agogo athu a Wenela ndi Theba ankalowa m'migodi ya dera lomweli umangoti anthu aja anali amuna. Kuzungulira dziko lonse ndi pafupifupi 40,000 km, kumene ndi 40 megamita, ndipo nambala yooneka bwino chonchi sinabwere mwangozi. M'zaka za m'ma 1790 ku France anagwirizana kuti mita ikhale gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a mtunda wochokera ku North Pole kufika ku ikweta kudzera ku Paris. Akatswiri awiri, Delambre ndi Méchain, anatha zaka akuyeza kuchokera ku Dunkirk kufika ku Barcelona, ndipo mu 1799 anasula kachitsulo ka platinum kukhala mita ya boma. Anaphonya pang'ono, cha m'ma 0.2 mm, ma micron 200, mapepala awiri a A4. Koma chulukitsani kaphonyedwe kameneko ka 10 miliyoni muone, 2,000,000 mm, masitepe awiri kukwera, 2 km. N'chifukwa chake mtunda uja lero umawerengedwa pafupifupi 10,002 km m'malo mwa 10,000.

Kuyambira 1983 mita siidaliranso chitsulo kapena kukula kwa dziko, imadalira liwiro la kuwala, limene linakhazikitsidwa pa 299,792,458 m pa sekondi. Mita ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'gawo limodzi mwa magawo 299,792,458 a sekondi. Mu nanosekondi imodzi kuwala kumayenda pafupifupi 30 cm, rula ya ku pulayimale ija. Mwezi uli pa mtunda wa pafupifupi 384,400 km, 384.4 megamita, kuwala kumafika mu sekondi imodzi ndi kachidutswa. Dzuwa lili pa 149.6 miliyoni km, onjezani maziro atatu kuti akhale mamita mupeza 1.496 × 10^11 m, kapena 149.6 gigamita, ndipo kuwala kwake kumatenga mphindi 8 ndi masekondi pafupifupi 20. Basi yothamanga 100 km pa ola, osaima pa boda, osaphulika tayala, ingatenge zaka pafupifupi 170 kuti ikafike.

Apa samalani ndi zilembo. Mm ya M wamkulu ndi megamita, mm ya zilembo zazing'ono ndi milimita, ndipo kusiyana kwake ndi 6 kuchotsera mainasi 3, maziro 9, biliyoni. Foni imakonda kukulitsa yokha chilembo choyamba, ndiye anthu timatumizirana 16 Mm tikutanthauza kukhuthala kwa bolodi, pamene talemba 16,000 km, kuposa kukhuthala kwa dziko lenilenilo kumene kuli cha m'ma 12,700 km. Pa saiti aliyense amamva zimene ukutanthauza, koma pa mayeso mwana amaluza malikisi. Chimodzimodzi Pm ya petamita ndi pm ya pikomita. Ndipo kilo ndi k wamng'ono nthawi zonse, km osati KM.

Kupitirira pa dzuwa akatswiri a zakuthambo mayina a tera ndi peta sawakonda, amagwiritsa ntchito light year. Dzinali limapusitsa, si nthawi ayi, ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'chaka chimodzi. Mukachulukitsa liwiro lija ndi masekondi a m'chaka, amene ndi pafupifupi 31.6 miliyoni, mupeza 9.46 × 10^15 m. Kuti akhale makilomita chotsani 3 pa kanambala kapamwamba, 9.46 × 10^12 km, mathiriliyoni 9.46. Nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri kupatula dzuwa ndi Proxima Centauri, pa ma light year pafupifupi 4.24, ndipo chimene ambiri okhala ku Yeoville ndi Bez Valley sadziwa n'choti inatulukiridwa pakhomo pawo pomwepo. Robert Innes anaipeza mu 1915 ali mkulu wa malo oonera nyenyezi a Union Observatory kuno ku Johannesburg, pa kaphiri kamene kanapatsa dzina dera la Observatory. Ndi maso simungaione, n'njofooka kwambiri, koma mnzake Alpha Centauri amaoneka bwinobwino, ndi yowala kwambiri mwa nyenyezi ziwiri zija zimaloza ku kagulu ka nyenyezi kooneka ngati mtanda kotchedwa Southern Cross. Chulukitsani 4.24 ndi 9.46 mupeza pafupifupi 40, ndiye mtunda wake ndi 40 petamita, makilomita 40 thiriliyoni. Kuzungulira dziko kuja tinati 40 megamita. Peta ndi 15, mega ndi 6, kuchotsera ndi 9. Kukafika ku Proxima n'kofanana ndi kuzungulira dziko lapansi ka biliyoni, ndipo samu imeneyi mwaipanga popanda kulemba ziro ngakhale mmodzi.

Pamwamba pa peta pali exa, zetta ndi yotta, pansi pa femto pali atto, zepto ndi yocto. Mu November 2022 msonkhano wa mayiko woona za miyeso umene unachitikira ku Versailles unawonjezera ena anayi, ronna ya maziro 27 ndi quetta ya maziro 30 kumtunda, ronto ndi quecto kumunsi. Anawafuna kwambiri ndi anthu a data, chifukwa zosungidwa m'makompyuta zikuchuluka moti mayina akale akuyandikira kutha. Pa utali alibe ntchito kwenikweni. Chilengedwe chonse chimene makina angaone, kuchoka mbali ina kufika mbali inayo, ndi cha m'ma 8.8 × 10^26 m, sichikwana n'komwe ronnamita imodzi, ndiye quettamita palibe choti muyeze nayo, mwina mwana adzangokumana nayo pa pepala la mayeso.